Chilengezo: chigubu chabuluu mu mtsinje wa Mudi

Mamembala nonse, moni.

Lachiwiri m'mawa ndikupita kuntchito, minibasi itaima pamlatho wa Mudi ku Blantyre kuno, ndinaona chinthu chabuluu chikuyandama. Mtima unagunda, ndinkayesa mwana. Kuyang'anitsitsa, chinali chigubu cha malita 20, chingwe chofiira chili pachogwirira. Pobwerera madzulo ndinapeza anyamata otsuka magalimoto atachivuula. Chili kwathu, mwiniwake andipeze.

Koma chandiwawa si chigubucho ayi. Pansi pa mlathopo padzaza majumbo, mabotolo ndi matewera, madzi achita kuda bii, fungo lake losaneneka. Mvula ikangoyamba, zonsezi zikathera mu Shire.

Choncho Loweruka lino tikumane pamlathopo 7 koloko m'mawa kuti tichotse zinyalalazi. Bwerani ndi magolovesi, majombo ndi masaka. Ana muwasiye kunyumba, kolera ya 2022 ija sitinaiwale.