Kwa eni sitolo ya zipangizo zamagetsi: Nano si Pro Micro, tisinthireni katundu wathu

Akuluakulu a sitolo, talemba pano poyera chifukwa mauthenga athu a pa WhatsApp mukungowawerenga n'kukhala chete, ndipo mnyamata wanu wa pa kauntala wakakamira mawu amodzi akuti "bwana, ndi zomwezomwe". Si zomwezomwe ayi. Oda yathu inali ya zipangizo zopangira panelo ya maswitchi ya ndege ya Cessna 172 yoti izigwira ntchito ndi Microsoft Flight Simulator komanso X-Plane, ma simulator oyeserera kuyendetsa ndege pa kompyuta, ndipo chinthu chilichonse tinachilemba ndi nambala yake. Zolondola zomwe zatuluka m'katoni ndi ma toggle 10 a MTS-102, ma encoder 2 a EC11 (timakono tozungulitsa) ndi rotary switch imodzi, ngakhale iyo yabwera yoperewera kachipangizo kena. Zotsalazo mwatipatsa zongofanana nkhope.

Tiyambe ndi bolodi, kachipangizo kowerenga maswitchi n'kuuza kompyuta, poti ndi pamene pagona nkhani. Tinapempha Pro Micro ya 5V, 16 MHz, yokhala ndi chip cha ATmega32U4. M'kapepala kolembedwa kuti Pro Micro munaika Nano ya ATmega328P, ndipo mukaitembenuza mupeza kachip ka CH340 kunsi kwake. Kukula n'kofananako, mtundu wa bolodi n'ngwabuluu konsekonse, koma ntchito n'zosiyana. ATmega32U4 imalankhula yokha ndi USB, choncho mukaikamo pulogalamu ya Joystick kompyuta imaiona ngati chiwongolero cha masewera, ndipo mukatsegula joy.cpl, poyesera ziwongolero pa Windows, batani lililonse limayaka mukalikhudza. CH340 ntchito yake ndi imodzi basi, kusandutsa USB kukhala serial. Mungalembe code usiku wonse, Nano imeneyi izingooneka ngati COM port, simulator siidzaiona ngati joystick. Tikudziwa kuti ena amayendetsa mabolodi a serial, makamaka Mega 2560, kudzera pa pulogalamu ya MobiFlight, ndipo zimatheka bwinobwino. Imeneyo ndi njira ina yomwe munthu amasankha yekha asanayambe kuboola thabwa, osati yomusankhira wogulitsa.

Panelo yathu inawerengeredwa pa mapini 18 a Pro Micro, osatsala ngakhale limodzi. Mapini 9 ndi a matrix, kutanthauza maswitchi olumikizidwa m'mizere 4 ndi mizati 5, yomwe imanyamula malo 20: battery, alternator, avionics, fuel pump, pitot heat, magetsi 5 a beacon, landing, taxi, nav ndi strobe, malo 4 a magneto (switchi yoyatsira ndi kuzimitsira injini), batani la START, flaps kukweza ndi kutsitsa, trim kukweza ndi kutsitsa, ndi batani la pa encoder imodzi. Mapini 4 ndi a ma encoder a heading ndi altimeter, 2 ndi a throttle ndi mixture, 3 otsalawo ndi a ma LED.

Apa ndi pomwe ma diode amalowera. Tinalipira ma 1N4148 okwana 20, mwatipatsa 10, ndipo titafunsa kusitolo kwanuko tinauzidwa kuti maswitchi awiri akhoza kugawana diode imodzi. Amene ananena zimenezi sanalumikizepo matrix. Bolodi imawerenga potsitsa mzere umodzi ku 0V n'kuona mzati womwe watsika nawo. Maswitchi atatu akakhala otseka pa ngodya zitatu za bokosi, magetsi amazungulira chobwerera kudzera mwa atatuwo n'kukatulukira pa ngodya yachinayi, bolodi n'kuganiza kuti switchi yachinayi nayo yayatsidwa pomwe palibe waikhudza. Pa kiyibodi vutoli silioneka kawirikawiri chifukwa batani mumalidina n'kulisiya. Toggle mukaiyatsa imakhala choncho ulendo wonse, ndipo pouluka battery, alternator, avionics, beacon ndi nav zimakhala zoyaka nthawi imodzi. Malinga ndi mmene mwalumikizira, ngodya yachinayiyo ikhoza kukhala magneto OFF: mwaima pa msewu wa ndege ku Chileka, mwayatsa strobe kuti munyamuke, injini n'kuzima yokha. Mankhwala ake ndi diode imodzi pa switchi iliyonse, zonse zitaloza mbali imodzi, kamzere kakuda kataloza ku mzere womwe ukutsitsidwa. Malo 20, ma diode 20.

Maswitchi a trim ndi flaps tinapempha MTS-123, aja oti mukakankha mmwamba kapena mmunsi n'kusiya amabwerera okha pakati. Mwatipatsa MTS-103. Onse ali ndi miyendo itatu, onse amalowa m'bowo la 6 mm, onse ali ndi malo atatu, koma MTS-103 imakhala pomwe mwaisiya. Pa trim, yomwe imakweza kapena kutsitsa mphuno ya ndege, zikutanthauza kuti kompyuta imamva batani lodinidwa osalekeza, gudumu la trim limangopitabe mpaka kumapeto, mphuno ya ndege n'kuloza kumwamba mpaka liwiro kutha. Kusiyanitsa ziwirizi sikufuna chipangizo chilichonse, chala chokha chikwana. Tikudabwa kuti zinapezeka bwanji m'dirowa imodzi.

Ma potentiometer, timakono ta throttle ndi mixture, nawo ndi nkhani yomweyo. Pa oda panali B10K, pa chitsulo chakumbuyo kwa omwe abwera padindidwa A10K. Ya B imasintha mofanana kuyambira poyambira mpaka pothera, choncho mukaizungulitsa theka multimeter imaonetsa pafupifupi 5k ndipo bolodi imawerenga cha m'ma 512 pa 1023. Ya A ndi yokwezera mawu pa wailesi ndi pa amplifaya. Pa theka imakhala isanafike patali, cha m'ma 1k, kenako imathamanga mwadzidzidzi kumapeto. Ikakhala pa throttle, chowonjezera mphamvu ya injini, theka loyamba la dzanja injini imangong'ung'udza, ndipo mphamvu zonse zimaunjikana pa kachigawo kakang'ono kothera. Potera pamafunika kuchotsa kapena kuwonjezera pang'onopang'ono, ndipo ndi throttle yotere simungakwanitse. Inde, munthu akhoza kuwongolako mu code kapena mu sensitivity ya simulator, koma kumeneko n'kuphimba chilema cha katundu yemwe sitinapemphe.

Chomwe chatikwiyitsa kwambiri ndi ma resistor, chifukwa awa akanatha kuononga bolodi. Kathumba kalembedwa 330 ohm ndi cholembera, koma mizere yake ndi lalanje, lalanje, wakuda, kutanthauza 33 ohm. Ya 330 mzere wachitatu umakhala wa bulauni. LED yofiira imadya pafupifupi 2V, ndiye pa 5V pamatsala 3V. Mukagawa ndi 330 mumapeza cha m'ma 9 mA, zomwe pini imanyamula popanda vuto. Mukagawa ndi 33 masamu akupereka cha m'ma 90 mA, pomwe malire enieni a pini ya ATmega32U4 ndi 40 mA, ndipo odziwa sadutsa 20. Wongoyamba kumene amene akhulupirira zolemba zanu adzaona LED ikuwala kwambiri n'kusangalala, mawa lake pini yafa kapena LED yapsa, iye n'kumadziimba mlandu kuti sadziwa kuwotcherera.

Chingwe cha micro USB ndi chochajira chokha, chilibe mawaya awiri a data. Foni ikuchaja koma kompyuta siikuiona. Rotary switch yabwera yopanda kawashala kokhala ndi dzino kamene kamaimitsa pa malo omwe mukufuna, ndiye ikuzungulira malo onse 12 pomwe magneto ikufuna 4 okha: OFF, R, L ndi BOTH.

Pa lisiti yanu palembedwa kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo mwatiuzanso kuti ma MTS-103 awiriwo simungalandire chifukwa miyendo yake ili ndi mtovu. Inawotchereredwa chifukwa kathumba kanu kanati ndi MTS-123. Sitikubweza katundu yemwe tinagula, tikubweza katundu yemwe sitinagule.

Chomwe tikufuna ndi Pro Micro ya ATmega32U4 ya 5V, ndipo muonetsetse kuti kristo yake yalembedwa 16 MHz, chifukwa ilipo ina ya 3.3V, 8 MHz yomwe imaoneka chimodzimodzi ndipo imasowa pa kompyuta mukaikamo code ya inzake. Onjezani ma diode 10 otsala, ma MTS-123 awiri, ma B10K awiri, ma resistor enieni a 330 ohm, kawashala ka rotary ndi chingwe cha data. Ngati china mulibe, nenani kuti mulibe mutibwezere ndalama yake pa nambala yomwe tinalipirira, tikafufuze kwina. Tsiku lodzatenga tidzabwera ndi multimeter ndi laputopu, tidzayezera pa kauntala panu pomwepo inu mukuona. Tikudikira yankho pansi pa uthenga uno mpaka Lachisanu. Likadutsa, lisiti, zithunzi za timatumba ndi mauthenga onse a pa WhatsApp tikazitula ku Competition and Fair Trading Commission.