Aise, kaseti yanga ija

Aise,

Uthenga wako ndinauona, mzere umodzi wokha, akuti mzungu wako uja watisiya pepa. Basi. Munthu tinakulira limodzi, kudyera mbale imodzi kwa mayi ako ku Ndirande, lero Ozzy Osbourne wa gulu la Black Sabbath wamwalira iwe nkundilembera ngati ukundiuza kuti pa golosale shuga watha. Ndipo "wako" ameneyo wayamba liti? Mesa ndiwe unkagwedeza mutu usiku onse mpaka mmawa khosi kuuma, aphunzitsi akuitana iwe kutembenuka thupi lonse ngati loboti? Nde ndati ndikulembere zazitali uwerenge ukaweruka, kapena uziwerengere nkhalamba zako ukuzisamalazo, mwina zina mwa izo zinkadumpha ndi nyimbo zimenezi mu 1970 iwe usanayambe nkuvala kabudula komwe.

Imfayo sikuti yandidzidzimutsa ayi, mdalayo anali ndi zaka 76 ndipo mmene Parkinson's inamugwirira aliyense amaona kuti ulendo wayandikira. Chandiwawa ine ndi iweyo. Uli mu Birmingham momwemo, Aston kumene anyamatawo anakulira ndi basi imodzi kuchoka pomwe ukukhalapo, unandiuza wekha. Pa 5 July 2025 anayi onse oyambirira aja, Ozzy, Tony Iommi, Geezer Butler ndi Bill Ward, anakwera steji imodzi ku bwalo la mpira la Villa Park patatha zaka 20 asanaimbire limodzi, Ozzy atakhala pa chimpando chakuda chachifumu poti miyendo inali itakana, ma Metallica, ma Slayer, ma Guns N' Roses onse kubwera ngati zidzukulu zodzazonda agogo, iwe uli kuti? Ku shifiti. Chabwino, matikiti anali odula ndipo anatha msanga, pamenepo ndakukhululukira. Koma patangotha masiku 17 munthu uja nkutsikira kulichete, pa 30 July maliro akudutsa mu Broad Street anthu ataunjika maluwa pa mlatho wa Black Sabbath, iwe uli kuti? Ku shifiti kachikena. Pamaliro salipiritsa aise. Kuno munthu wojomba maliro a neba tsiku lake adzukulu amangokhala pansi makasu ali pambali, ukudziwa bwino. Chomwe unanditumizira chaka chatha ndi chithunzi chako utaima pansi pa ching'ombe chachitsulo cha pa siteshoni ya New Street chija, anachitcha Ozzy, mimba ili patsogolo ngati bwana wa kampani. Ng'ombe unakaiona, mwini dzina ayi.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndimangoona kachipinda ka Mjomba kaja, atangobwera kuchoka ku Kitwe ndi sutikesi ya zimbale, zina zokandika kale. Ife tinali ana a MBC, wailesi imodzi dziko lonse, makwaya, nyimbo za amayi, rumba ya ku Zaire, ndi country ija madala ankapukusira nayo mitu Lamlungu masana. Nde Mjomba akuika chimbale chija, choyamba cha Sabbath, kukuyamba kumveka mvula, bingu, belu la tchalitchi kulira patali. Shoti anadzuka liwiro kutuluka panja kukaanula yunifomu yake pa chingwe kkkkk, mwezi wa August kunja kuli gwa! Akubwerera nkuti gitala italowa, anangoima pakhomo kukamwa yasa. Mpaka lero ndikamva belu limenelo ndimaona nkhope ya Shoti.

Nthawi imeneyo sitinkadziwa chifukwa chake gitalayo imalira molemera choncho, tinkangoti azunguwa ali ndi mankhwala. Ndinadzamva nditakula kuti Iommi ali ndi zaka 17 ankagwira ntchito mu fakitale ya malata, ndipo tsiku lake lomaliza penipeni, atatsanzika kale kuti akukayamba zoimba, makina anamudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja, chapakati ndi chovala mphete, ndipo poti mkuluyu ndi wamanzere limenelo ndi dzanja lopanira nsambo. Wina akanangoti basi zanga zada. Iye anasungunula botolo la sopo wotsukira mbale, kuumba tizipewa ta zala, kumata kachikopa pamwamba, kuika nsambo zopyapyala, kenako nkumazimasula kuti zisamamupweteke popana, nde kulira kwa pansi kuja kunachokera pamenepo. Ngozi ya pa ntchito aise. Ozzy naye anagwirapo kophera ng'ombe, anagonapo ku ndende ya Winson Green masabata 6 pa mlandu wothyola shopu. Sanali ana a kumayadi amenewa. Aston yawoyo ine ndimaiona ngati Ndirande yathu yomweyi, nyumba zothithikana, utsi wa mafakitale a ku Makata, saireni ikalira anthu mbwee pa msewu. Mwina nchifukwa chake zinatilowa chonsecho Chingerezi chake sitinkamva olo liwu limodzi. Ukukumbuka Mjomba analinso opanda chala chimodzi, anachisiya ku mgodi? Akanadziwa nkhani ya Iommi bwenzi atatisowetsa mtendere.

Chomwe chimandiseketsa pano ndi tsitsi. Pa zikuto za zimbale anthu tsitsi mpaka m'mapewa, ife kuno malamulo a nthawi imeneyo aja, mwamuna tsitsi lisatalike, buluku lotambalala kumiyendo ayi, mzungu otsika pa Chileka ndi tsitsi lake lakumapewa amayamba wakumana ndi sizasi asanalowe mtauni. Nanga ife ndi ayufi ali pa geti ya msika kufunsa makadi tikanayerekeza? Nde metal yathu inali ya mpala. Anyamata asanu mitu yometa mbee, kugwedeza mmwamba pansi ngati agulo pa mwala, voliyumu yotsitsa kuopa a neba, mabatire akafooka Ozzy kumaimba ngati waledzera kachasu, ife kuwatulutsa kukawayanika padzuwa pa malata kuti mawa tidzamverenso mbali imodzi.

Mayi ako tsiku anapeza chikuto chija sindidzaiwala. Mzimayi ovala zakuda uja ataima kutsogolo kwa chinyumba chakale, iwo kungoyang'ana kamodzi, mfiti iyi, nkuchigwira ndi nsonga ya chitenje ngati chonyansa. Anatiitanira mkulu wa mpingo aise, kutipempherera titagwada pa simenti. Chonsecho anyamatawo ankavala mitanda m'khosi yomwe anawasulira ndi bambo ake a Ozzy, ndipo Geezer yemwe ankalemba mawu ambiriwo anakulira mu Katolika weniweni. Koma ukanawauza mayi ako zimenezo? Bola nkhani ya mleme sinawapeze. January 1982 ku Des Moines ku America munthu anaponya mleme pa steji, Ozzy nkuuluma mutu poganiza kuti ndi wa labala, mapeto ake majakisoni a chiwewe. Zaka 43 zapita azungu akadali pa mleme umodzi omwewo, nkhani zonse za maliro ake mleme, mleme. Ine ndimangoti abwere adzaone pa msewu wa ku Lilongwe anyamata atanyamula mbewa pa timitengo, ubweya ndi mchira zili pompo, ife kutsitsa windo la minibasi kunenerera mtengo. Iweyo unkamaliza kamtengo konse wekha, lero ukudya ndi foloko.

Tsopano ndifike pa nkhani yomwe ndakulemberayi. Kaseti yanga.

Usanamizire kuiwala. TDK ya mphindi 90, ndinalemba ndi bolopeni yofiira, mbali A Sabbath, mbali B Ngozi Family, gulu la Paul Ngozi wa ku Zambia. Ndinaijambula ndekha posendeza wailesi pafupi ndi sipika ya galamafoni ya Mjomba, aliyense atauzidwa kuti asatsokomole, nde chapakati pa nyimbo yachitatu mukumveka tambala wa a neba akulira kawiri, kenako mawu a Shoti akuti "mwayamba kale?" Padziko lonse lapansi kaseti ya Black Sabbath yokhala ndi tambala wa ku Ndirande inali imodzi yokhayo. Olo Sharon Osbourne, mkazi wa Ozzy, alibe. Inadyedwapo ndi wailesi katatu, ine kuikoka pang'onopang'ono, kuilumikiza ndi kyuteksi wa mlongo wanga, kuipota ndi bolopeni ya Bic kuti ndisathe mabatire pobweza mmbuyo. Iwe unadzaibwereka sabata yomwe Papa John Paul anabwera ku Malawi, May 1989, anthu onse akuthamangira kukamuona iwe ukuthamangira kwathu, unati ndibweza Lolemba. Ndawerengera pa foni, ma Lolemba apitirira 1,800. Lako lija ndi liti?

Bigi anandiuza chaka china kuti unamata tibowo take ndi pepala nkujambulapo nyimbo zachikondi kukapatsa mtsikana wa ku Chilomoni uja, yemwe anakukananso. Ngati zili zoona usandiuze, ndisafe ndi BP. Ine ndasankha kukhulupilira kuti ili mu sutikesi ina yake mu Birmingham momwemo ikuzizidwa, yafika kwawo kwa eni ake ine mwini wake sindinakwerepo ndege. Taganiza, kaseti yanga ili ndi viza ine ndilibe. Ndipo tikati tiwerenge mwa katapila, kaseti imodzi zaka 36, pano uli ndi ngongole ya gitala ya Gibson SG ngati ya Iommi, ampulifaya yake, ndi jenereta poti magetsi akuno ukuwadziwa. Mlamu wako akuti ndikupenga, munthu wa zidzukulu kumadandaula kaseti chonsecho mnyumba muno mulibe olo choimbira chake. Sakumvetsa. Nyimbozo zili pa YouTube zonse, ndikudziwa, zoyera bwino. Koma mulibe tambala. Mulibe Shoti.

Shoti tinamuika mu June, unamva, chipepeso chako chinafika kudzera kwa mlongo wako, zikomo. Shuga. Anayamba amudula mwendo kaye. Ndinapita kukamuona kuchipatala atawonda ngati kamwana, akundifunsa ngati iwe umaimba foni, ine ndinanama kuti umafunsa za iye daily. Pa anthu asanu a mkachipinda kaja tatsala awiri ndi theka, Bigi ndikumuwerenga theka poti chitembenukireni mtima akuti zonse zija zinali za mdima, tikakumana amandipatsa moni ngati ndine wa ngongole. Mjomba ndi uja anatsogola kalekale ndi matenda aja, nthawi yomwe tinkangonong'onezana osatchula dzina. Matenda omwewo ndi amene anasesa oimba a Zamrock ku Zambia, pa gulu loyambirira la WITCH anatsala ndi Jagari Chanda yekha, munthu anachoka pa steji kukakhala mphunzitsi, kenako kumakumba miyala ya mtengo wapatali m'tchire, pano ndi uyo azungu anamufukula akuzungulira naye ku Ulaya ali nkhalamba. Ameneyonso akadzafika kufupi ndi iwe udzati shifiti.

Koma imva izi useke. Chaka chatha last born wanga akumvera nyimbo pa foni kukhitchini, ine ndili pa khonde ndikungomva gitala yokanda ija ndi mawu a Chinyanja, thupi lonse tsemwe. Ndikuti iwe, Paul Ngozi wamupeza kuti? Iye akuti adadi inunso, uyu ndi Tyler, the Creator wa ku America, yangotuluka kumene. Ndinamukhazika pansi. Ndikuti mwana iwe, chimene ukumvacho chinatuluka 1977 pa chimbale cha 45,000 Volts, mwini wake anamwalira 1989 iwe amako asanandidziwe nkomwe, ankaimba gitala ndi mano ameneyo, Kaunda atalamula kuti wailesi ya Zambia izidzaza ndi nyimbo za konko anyamata a ku Lusaka ndi ku Copperbelt anatenga phokoso la azungu lija nkulithira nsinjiro zawo. Anafufuza pa Google kuti andigwire bodza, anangoti "eh". Nde ndinati ndimuonetse umboni kuti bambo ake anali patsogolo zaka 40 zapitazo, mbali B ija, umboniwo uli kuti? Waona mmene wandichititsira manyazi pamaso pa mwana?

Za kuno palibe chachilendo, kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'mawondo, mizere ya mafuta, magalimoto a kampeni kuyambira mmamawa zimkuzamawu zili pamwamba mpaka September ameneyu afike tatopa. Phokoso limenelo a neba sadandaula, koma ine ndingoti ndikweze pang'ono Deep Purple Loweruka masana kwabwera kale mwana, akuti amama akuti mutsitse. Denga lakukhitchini likudonthabe pomwe paja. Khutu lakumanzere ndi limene likundidetsa nkhawa, likulira ngati muli nyenje usana ndi usiku, ndinapita kuchipatala anandiyika zomvera kumutu nkumandiuza ndikweze dzanja ndikamva kulira, dzanja langa linakhala pa bondo nthawi yaitali aise mpaka namwino anandiyang'ana. Akuti silibwereranso. Mlamu wako akuti ndi Sabbath yakoyo, ine ndikuti ndi makina a kuntchito zaka zonse zija opanda chotseka m'makutu, koma usiku ndikagona ndimaganiza kuti likadzatseka linalo nde kuti olo utabweza kasetiyo ndidzangoigwira m'manja basi.

Nde tamvera. Tsiku lomwe uli off kwera basi upite pa mlatho paja, pali benchi ya zithunzi za anayiwo, ukakhalepo, ukajambulitse, mimba ukaikokere mkati. Ukanene kuti anyamata a ku Ndirande apereka moni, utchule ndi Shoti yemwe dzina lake lenileni. Ndipo ukapeza t-shirt yakuda unditumizire ndi aliyense obwera December, XL, usaseke, L inasiya kundikwana kalekale. Imeneyo sikuchotsera ngongole, ndi chiongoladzanja chabe.

Magetsi angozima pompano ndipo foni ili pa 4%, ndimafuna ndikuuzenso za Bigi zomwe anachita kumanda tsiku la Shoti, nthawi yoponya dothi munthu uja anandiyandikira nkundinong'oneza kuti kodi belu lija