Lipoti la msonkhano wa magulu owerenga mabuku

A Wapampando ndi mamembala anzanga, ndabwerako kumene munandituma kuja. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ndapereka kale kwa a Msungichuma. Tsiku loyamba lidangothera pa malamulo oyendetsera magulu, zomwe tonse tikuzidziwa.

Zomwe ndikufuna mumve ndi za tsiku lachiwiri, pomwe tidakambirana buku la Harriet Beecher Stowe lonena za ukapolo ku America, Uncle Tom's Cabin. Lidatuluka mu 1852, patangopita zaka ziwiri America itakhazikitsa lamulo lokakamiza ngakhale anthu a m'madera opanda ukapolo kugwira kapolo wothawa n'kumubweza kwa mbuye wake. Mayiyu adakhala zaka zambiri ku Cincinnati, m'mphepete mwa mtsinje wa Ohio. Tsidya lina ndi Kentucky, kumene anthu ankagulidwa ngati mbuzi. Mu 1849 mwana wake wa chaka ndi theka adamwalira ndi kolera, ndipo mwiniwake adalemba kuti pamanda a mwanayo ndi pomwe adamvetsa ululu wa mayi wolandidwa mwana.

Mayi wina wachikulire adatiwerengera gawo la Eliza, kapolo wothawa ndi mwana wake, akuwoloka mtsinje wa Ohio uja, akudumpha pa zibenthu za madzi oundana, mwana ali m'manja, mapazi ali magazi okhaokha. Holo yonse idangoti zii. M'pake kuti m'chaka choyamba chokha mabuku 300,000 adagulidwa ku America, ku Britain kuposa 1 miliyoni.

Mkangano udabuka pa dzina la Tom, lomwe lero kwa anthu akuda a ku America ndi chitonzo cha munthu wogonjera azungu. Ine ndidaimirira. M'bukumo Tom, kapolo yemwe ndi mwini nkhani, akufa ndi zikwapu za mbuye wake Simon Legree chifukwa chokana kuulula komwe amayi awiri othawa abisala. Wamantha sangatero. Adamuipitsa ndi a zisudzo omwe adamusandutsa nkhalamba yogwadira aliyense. Komabe ndikuvomereza kuti bukuli lili ndi chilema: George Harris, mwamuna wa Eliza, ndi banja lake atamasuka, mlembi akuwatumiza ku Liberia, ngati kuti America sikwawo.

Msonkhano udagamula kuti gulu lililonse liwerenge mitu yowerengeka chabe, m'Chingerezi. Ine ndidakana, ndipo ndikukanabe. Mamembala athu angati amatha Chingerezi cha 1852? Tiwerenge buku lonse pang'onopang'ono, wina akumasulira. Komanso tisaliwerenge ngati nkhani ya kutali. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati, pakati pa 1861 ndi 1865, ku Nkhotakota Jumbe anali akuwolotsa anthu athu panyanja kupita nawo ku Kilwa kukawagulitsa ngati akapolo. America idathetsa ukapolo mu 1865. Kuno Mlozi, wogulitsa akapolo, adagonjetsedwa ku Karonga mu 1895. Zaka 30!

Apa ndiye ndinene zomwe zandikhala pamtima. Chaka chatha tidasonkha ndalama za ulendo wa ku Nkhotakota, mpaka lero ulendo kulibe, ndipo palibe watiuza kuti ndalamazo zili pati. Mabuku athu nawonso ali m'kabati yokhoma chifukwa akomiti sakugwirizana za wosunga kiyi. Anzathu atandifunsa kuti gulu lathu likuwerenga chiyani mwezi uno, ndidasowa poyambira.

Ndabwera ndi bukuli limodzi, logula ndi ndalama yanga. Ndikupempha kuti tikakumana Loweruka kabati itsekulidwe, a Msungichuma abwere ndi kaundula wa zopereka za ulendo, ndipo tisankhe woyamba kumasulira mutu woyamba.