Pempho la thandizo: moto wa phala la ana wazima

Kwa mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, abale athu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, ndi onse akufuna kwabwino,

Ife a komiti ya sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu, kuno ku Phalombe m'munsi mwa phiri la Michesi, tagwira mwendo. Chimanga chimene makolo anasonkha pokolola chatha, ndipo papita masabata angapo tisanasonkhe moto wa phala. Mphika ukangozizira, ana amasiya kubwera. Amayi athu olera ana, amene amagwira ntchitoyi mongodzipereka popanda malipiro, amasesa pabwalo m'mawa n'kudikira, kenako n'kubwerera kwawo ataimba nyimbo ndi ana owerengeka.

Tinayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene anawo ali. Ambiri tinawapeza kumaganyu, wamng'ono ali kumsana, wazaka zinayi atakhala pamzere padzuwa kudikira amake amalize ndime. Ena amatsekeredwa m'nyumba mayi akalawirira kukasaka chimanga ku Mozambique. Ena akulera anzawo: mwana wazaka zisanu kubereka khanda tsiku lonse.

Tikupempha kuti musafulumire kuweruza amayi amenewa. Kuno n'kwachikamwini, banja likatha bambo amanyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala ndi mayi. Kale malume ankagwira mbumba yake, koma lero nayenso nkhokwe yake ili pululu. Abambo ena anapita kukapha nsomba ku Chilwa, ena ku Joni, ndipo alipo amene amatumiza kangachepe mokhulupirika, tikuwathokoza. Koma pali makomo amene foni inasiya kulira kalekale. Palinso agogo amene akulera adzukulu atatu kapena anayi, maondo akukana khasu, ndi atsikana amene anabereka asanakwane zaka 18, iwo eni akusowabe owalera.

Chimene chatikhudza kwambiri, ndipo sitinkachiganizira poyamba, ndi mtima wa mayi. Mmodzi anatiuza misozi ikutsika kuti usiku sagona, amangowerengera ngongole ya ku banki m'khonde, ndipo mwana akalira m'mawa amam'menya, kenako iye mwini n'kuyamba kulira. Ameneyu si mayi wankhanza, timamudziwa, ndi munthu amene watopa ndipo alibe womuuza. Mayi wa maganizo chotere sacheza ndi khanda lake, samuimbira, amaiwala tsiku la sikelo. Mwanayo amakhala duu, sasewera ndi anzake, amachedwa kuyankhula. Alangizi a zaumoyo amatikumbutsa za masiku 1,000 oyamba a moyo wa mwana ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo amanena zoona, koma mayi amene wagonera maungu owiritsa angawapeze kuti magulu amenewo? Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Ife kupinimbirako timakuona ndi maso tikawaimika anawa pamzere.

Sikuti tinali chonchi nthawi zonse. Akuluakulu amakumbukira napolo wa mu 1991, koma achinyamata anadzionera okha namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola minda n'kusiya mchenga ndi miyala pomwe tinkalima. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, feteleza n'kukwera mtengo. Tisanapume, ng'amba ya mu 2024 inawotcha chimanga m'munda. Mtukula Pakhomo amathandiza makomo ena, koma safika paliponse.

Phala la m'mawa limagwira ntchito ziwiri. Mwana amadya, amasewera, amaphunzira kuwerenga ndi timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Mayi naye amapeza maola atatu olima munda wake kapena kukagulitsa masamba mtima uli m'malo. Ndipo pobwera kudzaphika mosinthana, amayi amakhala pansi n'kuuzana zakukhosi. Ndi pamoto pomwepo pamene tinkadziwira khomo limene muli nkhanza, kapena mwana amene watupa mapazi wofunika kupita naye kuchipatala kuti akalandire chiponde.

Tikupempha chimanga, soya ndi mtedza zoti tigayitse ufa wa phala mpaka tidzakolole. Ngakhale ndowa imodzi tilandira ndi manja awiri. Tikusowanso mphika waukulu, chifukwa umene tili nawo unabooka, komanso makapu, sopo ndi malata ochepa, poti denga la udzu likudontha pomwe ana amakhala. Amfumu atipatsa malo kudimba, ndiye amene angathe atithandize ndi mbewu ya soya ndi makasu kuti chaka chamawa tisadzapemphenso. Njerwa, nkhuni ndi madzi ndi zathu, tayamba kale kusonkha. Chilichonse cholandiridwa chidzalembedwa m'kaundula n'kuwerengedwa pamsonkhano wa mudzi.

Kwa inu abambo amene muli kutali: ngakhale musanapeze ndalama, imbani foni, muyankhule ndi mayi a ana anu ndi mwana wanu. Amene muli pamudzi, bwerani mudzawaze nkhuni ndi kukonza denga Loweruka likudzali.

Thandizo lanu mungalisiye kwa amfumu kapena pasukulu pomwepo m'mawa uliwonse.

Ndife anu,
A komiti ya sukulu ya mkombaphala