Pempho kwa ana a mudzi uno amene muli kutali: thanki ya kusukulu yaphulika

Ana athu, abale ndi alongo amene muli ku Jakarta, Bekasi, Batam, m'minda ya kanjedza ku Kalimantan ndi ku Malaysia, landirani moni wochokera kwa a dukuh (amfumu a mudzi), akuluakulu a mzikiti ndi komiti ya madzi kuno kwanu, kummwera kwa Gunungkidul, pachilumba cha Java ku Indonesia.

Thanki yaikulu ya madzi a mvula ya kuseri kwa sukulu yaphulika. Mukuidziwa, ambiri a inu munakulira madzi ake. Mng'alu unayambira pansi mbali ya kumadzulo. Tinayesa kuumata, koma tsiku limene lole inatsanuliramo malita 5,000 ogula ndi ndalama zosonkha, khoma linang'ambika, madzi onse n'kumwerera m'nthaka ife tikuona. Alhamdulillah, palibe mwana amene anavulala. Pano mwana aliyense akubwera kusukulu ndi kachigubu ka madzi ochokera kunyumba, zimbudzi zasukulu zatsekedwa, ndipo mabanja a kumtunda amene ankatunga pomwepo akugula madzi.

Nthaka yathu simunaiiwale. Mvula imagwa yokwanira, pafupifupi mamilimita 2,000 pachaka, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, koma mwala wa laimu suisunga. Imalowa m'ming'alu ndi m'maenje akuya aja timati luweng n'kukayenda m'mitsinje ya pansi monga Bribin, Seropan ndi Baron. Ku Bribin akatswiri a ku Karlsruhe, ku Germany, anachita kumanga damu m'phanga, mamita pafupifupi 100 pansi pa nthaka, kuti madzi akwere pamtunda. Kwa ife kukumba chitsime n'kungotaya mphamvu. Mapaipi amene tinalonjezedwa anathera kumsewu waukulu, ndipo mpopi wa kuno kumtunda ukatsegulidwa m'chilimwe umangotulutsa mphepo. Telaga lathu, dziwe lija munkasambiramo, likuuma msanga chichotsereni matope ake ndi makina. Dongo limene linkatseka mabowo a pansi linachoka nawo, ndipo mitengo ya beringin (mtundu wa kachere) ya m'mbali mwake yatsala yowerengeka.

Titagumula zotsala za thanki, amisiri athu aona chimene chinalakwika. Theka la maziko linakhala pamwala, theka lina padothi lofiira lothira. Dothi limeneli limakhwinyata m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, choncho thanki inkapendekera mbali imodzi chaka ndi chaka. Mchenga unali wa kunyanja, wamchere, ndipo zitsulo tazipeza zitadyeka ndi dzimbiri moti zina zikuthyoka ndi manja. Komanso chaka chilichonse tinkakokota madzi mpaka dontho lomaliza, thanki n'kumakhala yopanda kanthu padzuwa la Seputembala. Makolo amene anaimanga sitikuwanena, anamanga ndi zimene anali nazo.

Yatsopano tikufuna ikhale yozungulira, mamita 4 m'mimba mwake ndi mamita 2 kutalika kwake. Imeneyi ilowa malita pafupifupi 25,000, ndiye kuti malole asanu. Tikumba mpaka tipeze mwala paliponse, n'kuthira konkire ya masentimita 10: muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, itatu ya miyala. Zitsulo zoimirira zikhala za mamilimita 8, zotalikirana masentimita 20. Zozungulira, za mamilimita 6, zithithikana kwambiri chakumunsi, chifukwa madzi akuya mamita 2 amakankha ndi mphamvu ya matani awiri pa sikweya mita iliyonse ya pansi, ndipo ndi pamenepo pamene yakale ija inagonjera. Pazitsulopo tikuta waya wa khola la nkhuku mkati ndi kunja, kenako pulasitala wa muyezo umodzi wa simenti ndi itatu ya mchenga wa kumtsinje wa Progo kapena wa kuphiri la Merapi, wosefa. Mbali iliyonse ya khoma iyenera kumatidwa kuzungulira tsiku limodzi osalekeza, pakuti pokumana simenti ya dzulo ndi ya lero ndi pamene pamadzadontha.

Apa ndiye pali povuta: kumanga thanki kumafuna madzi, ndipo madziwo tilibe. Khoma likamatidwa liyenera kufunditsidwa masaka onyowa kwa masabata awiri, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Likauma mofulumira limachita timing'alu tosaoneka, ndipo pakatha zaka zochepa tidzakulemberaninso kalata ngati ino. Choncho madzi osakanizira simenti ndi othirira khoma tiyenera kugula palole, pa nthawi imene mtengo wake umakwera chifukwa midzi yonse ya ku Tepus, Rongkop ndi Girisubo ikulimbirana malole omwewo.

Mpopi tiuika masentimita 15 kuchokera pansi kuti madzi ena azitsalamo nthawi zonse. Pamwamba pakhala chivindikiro chasimenti chokhala ndi kakhomo kolowera potsuka, ndipo paipi yotayira madzi osefukira tiimanga sefa kuti udzudzu wa dengue usaswanemo. Mvula yoyamba sidzalowa m'thanki. Imatsika ndi fumbi, masamba a mitengo ya jati ndi zitosi za mbalame, ndiye paipi yotsika kudenga ikhala ndi potembenuzira. Denga la sukulu ndi lokwanira. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, choncho denga la masikweya mita 100, ngakhale ena atatayika m'ngalande, lidzaza thankiyi ndi mvula yongopitirira pang'ono mamilimita 300.

Sitinapinde manja. Gotong royong, ntchito yothandizana ya m'mudzi, ikadalipo kuno, ngakhale ambiri ogwira fosholo ndi a imvi. Zigumuka tachotsa, dzenje la maziko layamba kukumbidwa, miyala yaphwanyidwa ndipo yaunjikidwa pabwalo la sukulu. Nsungwi zomangira nsanja zadulidwa kale. Amayi apereka gawo la makaka a chinangwa amene akanasunga kuti aziphika tiwul, chakudya chathu cha chinangwa, ndipo olondera usiku akutolera jimpitan khomo ndi khomo monga mwa kale, kampunga kapena kandalama kamene banja laika pakhomo. Zimenezi zatigulira matumba angapo a simenti. Ndalama za boma zotukulira midzi, za Dana Desa, zimagawidwa m'midzi yonse ya kalurahan (dera lathu la midzi ingapo), ndipo dongosolo la chaka chino linamangidwa thanki isanaphulike. Zitsulo, waya, mapaipi, malole a mchenga, madzi omangira ndi simenti yotsala sizimera m'munda.

Zikutichititsa manyazi kupempha, koma tinene zoona. Zaka zapitazi Lebaran, chikondwerero cha Eid chimene mumabwerera kwanu, yakhala ikugwa mu Malichi kapena Epulo. Mumafika mapiri ali obiriwira, mathanki ali odzaza, mumasamba kawiri patsiku, ena mpaka kutsuka galimoto pabwalo. Mayi anu sangakuuzeni kuti mu Ogasiti anagulitsa mbuzi kuti agule madzi, kapena kuti ng'ombe imene munawagulira imamwa malita 30 kapena kuposa tsiku lililonse. Banja la anthu asanu lokhala ndi ng'ombe ziwiri, lole imodzi silifika nayo patali kuposa mwezi, ngakhale litasamala chotani. Nyumba zanjerwa zimene mwamanga n'zokongola ndipo timazinyadira, koma zambiri n'zokhoma chaka chonse, ngalande za madenga ake zikutayira madzi pansi. Amene muli ndi nyumba zotere pafupi ndi sukulu, tiloleni tilumikizeko paipi.

Amene mungathe thumba la simenti, tumizani thumba. Amene mumakumana pa arisan (chipereganyu) ya anthu a kwathu m'tauni, ikambiraneni nkhaniyi pa msonkhano ukubwerawu. Amisiri omanga amene mukumangira ena nyumba zosanja ku Jakarta, tikufuna manja anu masiku omata khoma. Thandizo lipite kwa a dukuh kapena msungichuma wa komiti, nonse mukuwadziwa, ndipo maina a opereka adzawerengedwa ku mzikiti. Khoma liyenera kumatidwa Okutobala asanafike pakati, kuti likhwime mvula ya Novembala isanayambe. Tikachedwa, dothi la m'mbali mwa dzenje lidzagumukira m'maziko, ndipo ana adzanyamulanso zigubu chilimwe chamawa.

Ndife anu,
Komiti ya madzi ndi makolo a ana a sukulu