Lipoti la maphunziro a za webusayiti amene munandituma ku Lilongwe

A wapampando, a komiti ndi alimi anzanga a njuchi,

Ndabwerako ku maphunziro a masiku awiri aja. Tinakumana anthu a m'magulu ang'onoang'ono ngati lathuli: ogulitsa mpunga, osoka zovala, ena a malo ogona alendo kunyanja. Malisiti a ulendo ali kale ndi a msungichuma, choncho pano ndingofotokoza zokhudza webusayiti yathu ya uchi, ija yatha miyezi ikungokonzedwa osatha.

Ndiyambe ndi pamene ndinagwidwa manyazi. Tsiku loyamba mphunzitsi anati tisinthane mafoni. Yanga inapita kwa mayi wina wosoka, ndipo mphunzitsiyo anawauza kuti apeze pa webusayiti yathu mtengo wa botolo la uchi ndi njira yolipirira, uku akulankhula mokweza zonse zimene akuganiza. Ine anandiletsa kuyankhula kapena kuloza ndi chala. Mayiwo anadikira kaye kuti zithunzi zitseguke. Kenaka anatsetsereka pa mbiri ya gulu, chithunzi cha komiti, uthenga wa a wapampando, mpaka pansi. Mitengo tinaibisa kuseri kwa timizere titatu tija ta pakona, ndipo iwo sanadziwe n'komwe kuti timizereto n'todina. Atatopa anandibwezera foni n'kundifunsa kuti, "Bambo, kodi uchiwo mumagulitsadi?"

Tsono kumbukirani zimene tinalandira titaponya webusayiti yomweyi pa gulu lathu la WhatsApp n'kufunsa kuti mwaiona bwanji. Ambiri anayankha kuti "ntchito yabwino", ena anangoika kachala koloza m'mwamba. Sanatinamize, anangotipatsa ulemu, chifukwa kwathu kuno ntchito ya mnzako sudzudzula pagulu. Ochepa amene anadandaula anakangana za mtundu, wina akuti wachikasu, wina wobiriwira. Za mtengo wosapezekawo palibe anazitchula, poti tonse timaudziwa kale pamtima. Funso lathu ndilo linali lolakwika. Munthu usamufunse ngati waikonda, mupatse ntchito yoti achite, iwe ukhale chete n'kumaona pamene akukakamira.

Ndinafunsa ngati zimenezi sizifuna anthu ambirimbiri. Anatiuza za Jakob Nielsen, katswiri wa nkhanizi, amene analemba mu 2000 kuti anthu asanu okha amatha kuulula mavuto pafupifupi 85 pa 100 alionse. Malangizo ake ndi akuti ndi bwino kuyesa ndi anthu asanu, kukonza, n'kuyesanso ndi asanu ena, kusiyana ndi kuitana khamu kamodzi. Koma asanuwo akhale ogula enieni, osati ife a komiti kapena abale athu.

Tsiku lachiwiri linali la kusunga ndi kusanja ndemanga, ndipo apa ndiye tamulakwira mnyamata amene akutipangira webusayitiyu. Aliyense wa ife amamutumizira uthenga wa mawu payekha, wina usiku, wina m'mamawa, zonena zake zotsutsana. Inenso ndili m'gulu lomwelo: ndinamuuza kuti akulitse chizindikiro chathu, mawa lake wina anamuuza kuti achichepetse. Ndiye timadabwa kuti ntchito siikutha!

Njira imene anatiphunzitsa ndi yosavuta. Ndemanga zonse zizipita kwa munthu mmodzi, iyeyo azilemba pamalo amodzi: tsamba lake, chimene munthuyo amafuna kuchita, chimene chinachitika, ndi mtundu wa foni. Mawu oti "sizikuoneka bwino" sathandiza wokonza. Koma "nambala ya Mpamba siikuwerengeka pa foni ya Itel ndikakhala panja padzuwa" ndi chinthu choti akhoza kukonza tsiku lomwelo. Wolandira ndemangayo akalemba azisiyanitsa zimene zikulepheretsa munthu kugula ndi zimene zili zokonda za munthu chabe. Zoyambazo zikonzedwe msanga, zinazo zidikire msonkhano.

Zina zinali za ukatswiri, ndingozidutsa mwachangu. Zithunzi zathu tinaziika monga zinachokera mu foni, chimodzi ma MB angapo, ndiye zikudya bandulo ya wogula asanaone n'komwe botolo. Pali chida chaulere cha Google chotchedwa PageSpeed Insights chimene chimaonetsa zimene zikuchedwetsa tsamba. Zilembo zathu zachikasu pa malo oyera nazonso zinalephera muyeso wa WCAG (malangizo othandiza kuti aliyense athe kuwerenga ndi kugwiritsa ntchito webusayiti), umene umafuna kuti kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi malo zakhalapo kufike 4.5 kwa 1. Gawo la zofufuza pa Google Forms ndinaliona kuti silitikhudza kwenikweni, ogula athu si anthu odzaza mafomu.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Tisankhe munthu mmodzi wolandira ndemanga, enafe tileke kumuimbira mnyamata uja. Mitengo ndi manambala a Airtel Money ndi Mpamba zikwere pamwamba pa tsamba loyamba, ndipo a wapampando mundikhululukire, uthenga wanu usamukire pa tsamba la mbiri. Akamaliza zimenezo, tsiku la msika ndidzakhala pa benchi yathu ndi foni yotchipa, ndipemphe ogula asanu mmodzimmodzi kuti ayese kupeza mtengo. Ndifunako bandulo ya tsikulo ndi timabotolo tisanu ta uchi towathokozera, ngati a msungichuma avomera.