Osula ofufuza nawonso apatsidwe ulemu

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa biology pa sekondale ina m'boma la Machinga. Ndikupempha a National Commission for Science and Technology pamodzi ndi a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, kuti akhazikitse mphotho ya chaka ndi chaka, yodziwika dziko lonse, ya aphunzitsi a m'mayunivesite amene amaphunzitsa bwino biology komanso kuyang'anira kafukufuku wa ophunzira a digiri yoyamba.

Pokweza anthu pantchito, mayunivesite amawerenga kwambiri mapepala a kafukufuku amene munthu wasindikiza. Zimenezo n'zabwino. Koma nanga amene amathera Loweruka lake akukonza pulojekiti ya mwana wa chaka chachinayi, amuwerengera ndani?

Mayi amene anandiyang'anira ine anatitengera ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, pa galimoto yawo, mafuta akuthira okha. Analowa nafe m'matope atavala majombo. Anatiphunzitsa kuyeza matemba ndi makumba pa thabwa lokhala ndi rula, kutumbula mlamba n'kuona zimene wadya, ndiponso kulemba chilichonse ndi pensulo chifukwa inki imafufutika ikanyowa. Lipoti langa linabwerera lili psuu ndi cholembera chofiira. Pamene ndinalemba kuti nsomba zikuchepa, iwo analemba m'mbali: "Wadziwa bwanji? Ukuyerekeza ndi chaka chiti?" Tsiku limenelo ndinawanyinyirika, osanama. Koma mpaka lero ana anga a Fomu 4 akandiyankha zoloweza, funso limene ndimawaponyera ndi lomwelo.

Chilwa inaphwa mu 1995, ndipo pasanapite nthawi yaitali inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu. Mbozi za fall armyworm zakhala zikuononga chimanga chathu kuyambira cha m'ma 2017. Adzafufuze zonsezi ndi ana omwewa amene lero ali ku UNIMA, ku Bunda, ku Mzuni ndi ku MUST, ngati atapeza wowagwira dzanja.

Chonde, opambana asamasankhidwe ndi akuluakulu a m'maofesi okha, chifukwa tikatero mphotho izingozungulira kwa omwe ali ndi maina kale. Afunseni ophunzira amene anamaliza zaka zitatu kapena zisanu zapitazo, amene saopanso kulepheretsedwa mayeso. Ndipo gawo lina la mphothoyo likhale ndalama zogulira mankhwala a mu labu ndi zoyendera, kuti ophunzira a chaka chotsatira nawonso akafike kunyanja.

Mphunzitsi wa biology,
Liwonde